Seva ikamataya mapaketi, yambani mwayang'ana pa PCI Express

Pa bokosi la khadi la netiweki amalembapo nambala imodzi yaikulu: magigabiti 10, 40 kapena 100 pa sekondi. Wogula amakhulupirira kuti akalowetsa khadilo mu seva n'kulumikiza chingwe, liwiro lonselo lifika kwa pulogalamu imene ikudikira uthenga. Kawirikawiri sizitero. Seva imayamba kutaya mapaketi chingwe chisanadzaze n'komwe, pulosesa ikuoneka kuti ikadali ndi mpata, ndipo anthu amathamangira kuloza chala kampani yopereka intaneti kapena kulemba kalata yopempha ndalama zogulira makina atsopano. Pakati pa khadi ndi memori ya kompyuta pali njira imene ambiri saiganizira, yotchedwa PCI Express, ndipo paketi iliyonse yolowa kapena yotuluka iyenera kudutsa pamenepo. Mfundo yanga ndi yakuti njira imeneyi ndi netiweki payokha, ili ndi malire ake, ndipo woyang'anira seva amene sanaiyezepo sakuwadziwa makina ake. Komabe ndikutsutsanso chizolowezi chongokopera malamulo osinthira njirayi kwa anthu ena popanda kufunsa kuti iwowo ankanyamula katundu wamtundu wanji.

Nambala ya pa bokosi imabisa chinthu chachikulu: chimene chimatopetsa kompyuta si kuchuluka kwa mabiti koma kuchuluka kwa mapaketi. Pa Ethernet paketi yaing'ono kwambiri ili ndi mabayiti 64, ndipo pa waya imafuna mabayiti ena 20 otsogolera ndi olekanitsa, onse pamodzi 84. Pa chingwe cha magigabiti 10 zimenezi zikutanthauza mapaketi 14.88 miliyoni pa sekondi, kapena paketi imodzi pa manosekondi 67 alionse. Pulosesa yothamanga pa 3 GHz imagunda kokwana pafupifupi 200 m'kanthawi kameneka, ndipo ikangopita kamodzi kukatenga chinthu mu memori yaikulu nthawi yonseyo yatha kale. Pa magigabiti 100 mapaketi amafika 148.8 miliyoni pa sekondi, mpata wa paketi imodzi n'kutsala manosekondi osakwana 7. Chingwe chomwecho cha magigabiti 10 chikanyamula mapaketi akuluakulu a mabayiti 1500, chimadzaza ndi mapaketi pafupifupi 813,000 okha pa sekondi. Choncho seva ikhoza kusamutsa mafayilo aakulu pa liwiro lonse la chingwe koma n'kugwada ikakumana ndi mafunso a DNS, mawu a foni za pa intaneti, kapena chigumula cha timapaketi totumizidwa dala ndi anthu ofuna kuigwetsa.

PCI Express inatuluka mu 2003, ndipo bungwe la PCI-SIG ndilo limayang'anira malamulo ake. Inalowa m'malo mwa PCI yakale, imene zipangizo zonse zinkagawana mawaya amodzi. Apa chipangizo chilichonse chimapatsidwa mizere yakeyake, umodzi, 4, 8 kapena 16, ndipo m'badwo uliwonse watsopano umachulukitsa liwiro la mzere pafupifupi kawiri. M'badwo woyamba unkanyamula mamegabayiti 250 pa sekondi pa mzere umodzi. Wachiwiri unabwera mu 2007. Wachitatu, wa mu 2010, unafika pafupifupi mamegabayiti 985. Wachinayi unatsatira mu 2017 ndipo wachisanu mu 2019. Khadi la m'badwo wachitatu la mizere 8 lili ndi magigabiti pafupifupi 63 pa sekondi mbali iliyonse. Poyang'ana nambalayi munthu anganene kuti chingwe cha magigabiti 40 chikwanira ndi malo otsala. Kuganiza kotereku ndi kumene kumasocheretsa, chifukwa magigabiti 63 amenewa sanyamula uthenga wokhawokha.

PCI Express nayo imadula uthenga m'timaphukusi takeake, totchedwa TLP, ndipo kaphukusi kalikonse kolembera mu memori kamanyamula mabayiti pafupifupi 24 a adiresi, nambala ya mndandanda ndi zotsimikizira kuti sikanaonongeke panjira. Zili ngati pa chipata cha m'malire a dziko: mapepala a lole yodzaza ndi a lole yonyamula thumba limodzi ndi omwewo, ndipo malole akachuluka mzere umatalika ngakhale katundu yense ali wochepa. Kaphukusi ka mabayiti 64 a uthenga kamadya mabayiti 88 a njira, ndiye kuti gawo loposa limodzi mwa magawo anayi lapita pa mapepala okha. Kukula kwa katundu amene kaphukusi kamodzi kangatenge kumaikidwa ndi nambala yotchedwa MaxPayload. Ikakhala pa mabayiti 128, uthenga weniweni umatenga 84 peresenti ya njira. Pa 256 umatenga 91. Pa 512 umadutsa 95. Apa sitinawerengere mauthenga ang'onoang'ono amene mbali ziwirizi zimatumizirana ovomereza kuti zalandira ndi odziwitsa kuti malo alipo.

Tsopano tiyeni titsate paketi imodzi imene seva ikufuna kutumiza. Pulogalamu yoyendetsa khadi imaika paketiyo mu memori, kenako imalemba kakalata kakang'ono kotchedwa descriptor, kofotokoza pamene paketi ili ndi kutalika kwake. Ikatero imagogoda kwa khadi polemba mu rejisita yake, ndipo kugogodako ndi ulendo woyamba pa PCI Express. Khadi limatumiza pempho loti liwerenge kakalatako n'kudikira yankho. Likadziwa adiresi limatumiza pempho lina la paketi yeniyeniyo n'kudikiranso. Paketi ikatuluka pa waya, khadi limalemba mu memori kuti ntchito yatha, ndipo mwina limadzutsa pulosesa ndi interrupt, imene nayonso ndi kaphukusi kena kodutsa njira yomweyo. Paketi imodzi yafuna maulendo angapo, ndipo awiri mwa iwo ndi opita ndi kubwera, amene uliwonse umatenga manosekondi mazanamazana. Ngati khadi likanadikira kuti ulendo umodzi uthe lisanayambe wina, silikanafika ngakhale pafupi ndi mapaketi 14 miliyoni. Limakwanitsa chifukwa limakhala ndi mapempho ambiri panjira nthawi imodzi, limatenga timakalata tambiri pa ulendo umodzi, ndipo limadzutsa pulosesa kamodzi pa gulu la mapaketi.

Zimenezi anaziyeza mwatsatanetsatane Rolf Neugebauer, Gianni Antichi, Andrew Moore ndi anzawo mu kafukufuku amene anamupereka ku msonkhano wa SIGCOMM ku Budapest mu 2018, pogwiritsa ntchito chida chawo chotchedwa pcie-bench. Anaonetsa kuti pa mizere 8 ya m'badwo wachitatu, malo otsalira uthenga ali pafupi ndi magigabiti 50, ndiponso kuti khadi losachenjera, lochita ulendo uliwonse paokha pa paketi iliyonse, silingadzaze chingwe cha magigabiti 40 pokhapokha mapaketi ataposa mabayiti 512. Anapezanso kuti gawo lalikulu la nthawi imene paketi yaing'ono imachedwa mu seva limathera pa PCI Express, osati pa waya. Chimene ndimachiona chofunika kwambiri pa ntchito yawo n'chakuti makina a mapulosesa a m'badwo umodzi anachita mosiyana kwambiri atayezedwa. Ndiye kuti palibe nambala imodzi imene munthu angailoweze pamtima n'kumaiika pa seva iliyonse.

Kuyeza koyamba n'kosavuta moti n'zodandaulitsa kuti kumadumphidwa. Pa Linux, lamulo la lspci -vv limasonyeza mizere iwiri yolembedwa moyandikana pansi pa dzina la khadi. Woyamba, LnkCap, umanena zimene khadi lingathe: mwachitsanzo Speed 8GT/s, Width x8. Wachiwiri, LnkSta, umanena zimene khadi ndi motherboard zagwirizana poyaka, ndipo apa munthu akhoza kupeza Width x4, nthawi zina ndi mawu akuti downgraded pambali pake. Zimachitika chifukwa siloti yaitali, yooneka ngati ya mizere 16, nthawi zina imakhala ndi mawaya a mizere 4 okha mkati mwake. Kapena khadi silinakhale bwino. Kapena BIOS yagawa mizereyo kwa chipangizo china. Mizere 4 ya m'badwo wachitatu ndi magigabiti osakwana 32, choncho khadi la magigabiti 40 loikidwa pamenepo silidzafika pa nambala ya pa bokosi ngakhale mutasintha chilichonse mu pulogalamu. Khadi la magigabiti 100 limafuna mizere 16 ya m'badwo wachitatu kapena 8 ya wachinayi. Mankhwala ake ndi sikuludiraiva ndi mphindi zochepa zozimitsa makina.

Pamwamba pang'ono pa mizere imeneyi pali mzere wa DevCtl, wokhala ndi nambala ziwiri zimene anthu amakonda kuziseweretsa. Yoyamba ndi MaxPayload ija. Imeneyi si ya khadi lokha: zipangizo zonse za panjira, kuyambira pa pulosesa kufika pa khadi, ziyenera kugwirizana, ndipo chofooka kwambiri ndicho chimaika malire. Khadi likatumiza kaphukusi kokulirapo kuposa kamene mnzake angalandire, wolandirayo amakaona ngati kolakwika ndipo makina akhoza kuima pomwepo. N'chifukwa chake Linux ili ndi njira zake zoikira nambalayi poyaka, monga pci=pcie_bus_safe ndi pci=pcie_bus_perf, zimene zimayang'ana njira yonse m'malo moti munthu alembe ndi dzanja. Yachiwiri ndi MaxReadReq, imene imanena kuchuluka kwa mabayiti amene khadi lingapemphe pa pempho limodzi. Kawirikawiri imakhala pa 512 ndipo ingakwezedwe mpaka 4096. Kuti khadi litenge paketi ya mabayiti 9000 pa 512 liyenera kupempha ka 18; pa 4096 lipempha katatu kokha.

Apa ndi pamene kukopera kumavulaza. Malangizo okweza MaxReadReq kufika pa 4096 ndi lamulo la setpci anafala kuchokera m'mabuku a kampani ya Mellanox, imene Nvidia inaigula mu 2020, ndi kwa akatswiri a ESnet, netiweki ya asayansi ya ku America yoyendetsedwa kuchokera ku Berkeley. Malangizowo si abodza. Koma ESnet imasamutsa mafayilo aakulu kwambiri a kafukufuku pakati pa malabotale, m'mapaketi akuluakulu, ndipo pa katundu wotere kuchepetsa mapempho kumathandizadi. Munthu woyang'anira firewall kapena seva ya DNS ali ndi vuto lina. Paketi yake ya mabayiti 64 kapena 100 imakwana kale mu pempho limodzi la 512, choncho kukweza malirewo sikusintha kanthu pa paketiyo. Kungathenso kupweteka zipangizo zina zogawana njira ndi khadilo, chifukwa yankho lalitali limagwira njira nthawi yaitali pamene anzake akudikira. Wakopera lamulo, waona kuti nambala yasintha pa sikirini, ndipo wakhutira, pamene mapaketi akutayika monga kale.

Pa mapaketi aang'ono, chofunika kwambiri ndi kumene paketi imakafikira ikatuluka pa PCI Express. Mu seva ya mapulosesa awiri, siloti iliyonse imalumikizidwa ku pulosesa imodzi, ndipo pulosesa iliyonse ili ndi memori yake yapafupi. Dongosolo limeneli limatchedwa NUMA. Khadi likakhala ku pulosesa yoyamba koma pulogalamu ikuyenda pa yachiwiri, paketi iliyonse, kakalata kalikonse ndi kugogoda kulikonse kumawoloka mlatho wa pakati pa mapulosesawo. Linux imanena mbali imene khadi lili mu kafayilo ka numa_node, ndipo kumangirira ma interrupt ndi pulogalamu ku mbali yomweyo sikufuna ndalama iliyonse. Kuyambira pa Xeon E5 mu 2012, Intel inaonjezera DDIO, imene imalola khadi kulemba paketi mwachindunji mu cache ya pulosesa osadzera mu memori yaikulu. Phindu lake limaoneka bwino khadi ndi pulogalamu zikakhala mbali imodzi, ndipo gawo la cache limene DDIO imalembamo ndi laling'ono. Apa pali msampha wina: munthu akaona mapaketi akutayika amakulitsa mzere wa timakalata ndi lamulo la ethtool mpaka pamapeto, osadziwa kuti mzere wautali kwambiri umasefukira kunja kwa cache n'kubwezeretsa kuchedwa kumene DDIO inachotsa. Netflix ndi umboni wa zimene kusamala kotereku kumabala. Mu 2021 Drew Gallatin anafotokoza ku msonkhano wa EuroBSDCon mmene seva imodzi ya FreeBSD, ya pulosesa ya AMD EPYC ndi makhadi a Mellanox, inafikira pafupi ndi magigabiti 400 pa sekondi a makanema obisidwa ndi TLS, ndipo nkhani yake yambiri inali ya kayendedwe ka mabayiti pakati pa disiki, memori ndi khadi.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo yoyamba ndi yolimba: opanga makina anasankha nambala zimene zilipozo atayesa zipangizo zambirimbiri, ndiye ndani woyang'anira seva kuti awapose nzeru? Ndikuvomereza kuti pa seva ya ofesi yolumikizidwa pa gigabiti imodzi palibe chifukwa chogwira chilichonse. Koma opangawo anasankha nambala zoti makina ayake ndi khadi lililonse limene wogula angalowetsemo, kaya la disiki, la zithunzi kapena lakale kwambiri, ndiponso kuti adye magetsi ochepa. Sanasankhe poganizira seva imene ntchito yake yokha ndi kulandira mapaketi mamiliyoni. Makampani omwewo amasindikiza mabuku ouza ogula zoti asinthe mu BIOS akafuna liwiro la netiweki, zomwe zikusonyeza kuti nawonso saona nambala zoyambirazo ngati zomaliza. Komabe mfundo ya otsutsa ija ili ndi choonadi pa zinthu monga Relaxed Ordering, imene imalola timaphukusi tina kupitirira anzawo panjira. Pa makina ena a AMD imakweza liwiro moonekeratu, pamene pa mapulosesa ena a Intel inkalitsitsa, moti Linux inachita kuika mndandanda wa makina amene sayenera kuiyatsa. Phunziro lake si loti tisagwire, koma loti chosintha chomwecho chimabala zosiyana pa makina osiyana.

Ena amati vuto lenileni lili mu mapulogalamu, ndipo mbiri ili kumbali yawo kwa zaka zambiri. Jeffrey Mogul ndi K. K. Ramakrishnan anafotokoza mu 1996 mmene kompyuta ingathere mphamvu zake zonse poyankha ma interrupt osamaliza ngakhale paketi imodzi, ndipo Linux inayankha ndi NAPI, imene imatola mapaketi m'magulu. Luigi Rizzo wa ku yunivesite ya Pisa anaonetsa ndi netmap mu 2012 kuti pulosesa imodzi ikhoza kudzaza chingwe cha magigabiti 10 ndi mapaketi aang'ono ikalambalala njira yaitali ya kernel. DPDK, imene inayambira ku Intel, ndi XDP, imene inalowa mu Linux mu 2016, zinapitiriza ntchito yomweyo. Zonsezi n'zoona, ndipo amene sanakonze mapulogalamu ake asayambire pa setpci. Koma kupambana kwa zida zimenezi ndi kumene kunavumbula malire otsatira. Pulosesa itasiya kukhala chotchinga, mapaketi anayamba kuunjikana pa PCI Express. Ndiponso zambiri zimene DPDK imachita, monga kugogoda kamodzi pa gulu la mapaketi ndi kusayembekezera interrupt, ndi njira zochepetsera maulendo pa PCI Express pomwepo. Kulekanitsa ziwirizi ngati kuti ndi nkhani zosiyana ndi kusamvetsa chifukwa chimene mapulogalamuwo amathamangira.

Kutsutsa kumene ndimakulemekeza kwambiri ndi kwa mtengo wobisika. Malangizo ambiri amati zimitsani ASPM, imene imagoneka mizere ya PCI Express pamene palibe chodutsa. Kudzuka kwake kumatenga mamayikrosekondi, nthawi imene mapaketi ambiri angafike pa chingwe chothamanga, choncho pa seva yotanganidwa kuizimitsa n'komveka; koma pa makina mazana amene amakhala chete theka la tsiku, ndi magetsi ndi kutentha kumene wina adzalipira. Choopsa kwambiri ndi langizo lozimitsa IOMMU. Chipangizo chimenechi chimaima pakati pa khadi ndi memori, n'kumaonetsetsa kuti khadi likulemba pamalo amene laloledwa pokha. Kafukufuku wa ku Budapest uja anaonetsa kuti chikhoza kugwetsa liwiro kwambiri pamene maadiresi achuluka kuposa amene chingasunge pafupi. Komatu popanda icho, khadi lokhala ndi cholakwika kapena lolandidwa ndi akuba likhoza kulemba paliponse mu memori. Pa seva imene ikusunga makina a makasitomala osiyanasiyana, kugula liwiro ndi chitetezo chimenechi ndi kulakwa, ndipo sindikuona chifukwa chochilungamitsira. Njira yabwinopo ilipo: kugwiritsa ntchito masamba aakulu a memori, a mamegabayiti 2 kapena gigabayiti imodzi m'malo mwa makilobayiti 4, kumachepetsa maadiresi amene IOMMU iyenera kukumbukira, chitetezo chili chiyakire.

Pali amene akuyembekezera kuti mibadwo yatsopano idzathetsa nkhaniyi yokha. M'badwo wachisanu ndi chimodzi unavomerezedwa mu 2022 ndipo unachulukitsanso liwiro kawiri. Koma Ethernet nayo sinaime: magigabiti 400 ali kale m'malo aakulu osungira deta, ndipo pamenepo paketi yaing'ono imafika pa manosekondi osakwana awiri alionse. Kukulitsa njira kumachulukitsa mabayiti odutsa, koma sikufupikitsa kwenikweni nthawi ya ulendo wopita ku memori ndi kubwera. Kuonjezera apo, si onse amagula zatsopano. Kuno kwathu, kumene seva iliyonse ndi khadi lililonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene n'zosowa, makampani opereka intaneti ndi manetiweki a masukulu a ukachenjede monga MAREN ali ndi chifukwa chokulirapo chofinyira makina amene ali nawo kale. Kupempha madola ogulira seva ina pamene khadi lakhala pa mizere 4 m'malo mwa 8 ndi kuononga chuma chimene chikanagwira ntchito ina.

Choncho kwa inu amene mwapatsidwa udindo woyang'anira makina otere, dongosolo la ntchito ndi limene lingakupulumutseni. Dziwani kaye kukula kwa mapaketi amene seva yanu imalandira tsiku ndi tsiku, ndipo muyese ndi katundu wofanana nawo, osati ndi fayilo imodzi yaikulu. Werengani ziwerengero za ethtool -S kuti muone ngati mapaketi akutayikira pa khadi pomwepo kapena m'kati mwa kernel. Yerekezani LnkSta ndi LnkCap, kenako onani ngati khadi ndi pulogalamu zili ku pulosesa imodzi. Mukatha zimenezi m'pamene mungagwire MaxReadReq, ASPM kapena Relaxed Ordering, chimodzi pa nthawi, mukulemba nambala yakale ndi zotsatira zake, pa makina oyesera osati amene makasitomala akudalira. Kumbukiraninso kuti zosintha za setpci zimafufutika seva ikazimitsidwa, choncho chimene chathandiza chiyenera kulembedwa pamalo oti chizibwerera poyaka. Chimene sichinaonetse kusintha pa muyeso wanu, chibwezereni mmene munachipezera.